Bambo Baranaba ndi Wayilesi Yomwa Madzi

Tawaika Lolemba a Baranaba Phiri, kumanda a kuseri kwa tchalitchi chathu kuno ku Mbamba Bay. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene eni ake akanayembekezera, poti iwo ankakonda kunena kuti maliro a mlendo amaperekezedwa ndi anthu anayi ndi galu. Ena anachokera ku Liuli pa mabwato, ena anatsika kumapiri wapansi, ndipo ambiri dzina loti Baranaba analimva koyamba m'kamwa mwa ansembe. Iwo ankawadziwa kuti Mzee Waya, ndiye kuti nkhalamba ya waya m'Chiswahili. Ine ndinkawatchula Atate. Sanandibereke ayi, koma ndine NaPhiri, ndipo kudziko la eni mfunda umodzi ndi ubale wokwanira. Tonse awiri kwathu ndi ku Nkhotakota, kutsidya kwa nyanja. Iwo anaoloka kalekale ali mnyamata wophika m'sitima, ine ndinabwera pambuyo, kutsata amuna anga a Petulo amene anadza kuno ndi makoka.

Ndikulemba kuti zidzukulu zanga zidzadziwe chifukwa chake nkhalamba yosakhala ya magazi athu inakhala kuseri kwa nyumba yathu mpaka kufa, n'kumadya nafe. Sukulu ndinalekezera panjira, choncho pamene cholembera chaterereka mundikhululukire.

Wayilesi ija anabwera nayo kuchokera ku Halale, kumene anakaphikira mzungu atasiya za sitima. Inali yozungulira ngati poto woimika cham'mbali, kukamwa kwake kuli kasefa koletsa mphemvu, ndipo inkakhala pamwamba pa batire lalikulu ngati njerwa. Kuno inaliponso ina kwa Mmwenye wa duka, ndiye kuti sitolo, ina kwa kalaliki wa kasitomu, koma zimenezo tinkangomva mbiri yake. Ya Atate ndiyo inali ya ife tonse, ngakhale eni ake akanamva ndikunena choncho akanandiyang'ana ndi diso lofiira. Waya wina unkakwera mumtengo wa mango, wina unkatsikira pansi, womangirira ku kachitsulo kokhomera m'nthaka. Asanatsegule ankatunga madzi m'chikho n'kuthira pa kachitsulo kaja, ati nthaka youma ilibe makutu. Ana a m'mudzi muno anakula akudziwa kuti wayilesi imamwa madzi, ndipo alipo ena lero ali ndi ndevu amene simungawatsutse.

Akathira madzi ankavula chipewa, amuna onse n'kuvulanso. Kenaka pemphero. Ankapempherera apaulendo, a panyanja, ana athu a pansi pa nthaka ku migodi, ndipo pomaliza ankapempha kuti batire lipirire. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinaluma nsalu kuti ndisaseke. Pambuyo pake ndinaona kuti anali ndi nzeru kundiposa. Ambuye amene amasamala mpheta angalephere bwanji batire?

Woulutsa mawu wa ku Lusaka akapereka moni m'Chinyanja, Atate ankayankha kuti tili bwino kaya inu kumeneko, n'kudikira pang'ono. Mphunzitsi wina anawauza kuti munthuyo sakuwamva. Iwo anati akudziwa, koma ulemu sudikira kuti wina aumve. Nkhani zikatha ankazitembenuzira m'Chiswahili chifukwa cha anzathu eni dziko, ndipo ife omva zonse ziwiri tinkaona kuti nkhani yoipa ikadutsa m'kamwa mwa Atate inkatuluka itachepako thupi. Nkhondo yakutali inkasanduka mkangano, njala inkasanduka kuchedwa kwa mvula. Ndinawafunsapo, iwo n'kundiyankha kuti anthu akupita kukagona, awapatsirenji mwala wotsamira.

Sindikufuna kuwapaka mafuta poti afa. Atate anali aukali, ndipo pa batire anali oumira. Batire linkabwera pa sitima, kapena pa lole yochokera ku Songea msewu ukakhala wabwino, ndipo nthawi ya dzinja msewu wa m'mapiri unkatsekeka. Ndiye ankatsegula pa zinthu zitatu zokha: nkhani, nyimbo za Mulungu Lamulungu, ndi moni wa Lachinayi. Anyamata ankafuna magitala. Ankabwera kudzachonderera, Atate n'kuwauza kuti batire si nyanja yoti aliyense azitungamo. Tsiku lina anyamata a makoka anapangana, n'kubweretsa kampango wamkulu. Atate anamulandira ndi manja awiri, anathokoza, anawakhazika pa mphasa, n'kuwatsegulira mlangizi wa zaulimi akufotokoza za nkhupakupa za ng'ombe, kuno kopanda ng'ombe. Anyamata anakhala mpaka mlangizi anamaliza, poti kunyamuka mkulu ali pakati pa mawu, ngakhale mkulu wa m'poto, Atate sankalola. Kampango anadyedwa.

Chotsegulira chake palibe anachigwirapo. Ngakhale mayi Sofiya, akazi awo, ankangopukuta fumbi mozungulira. Mayi Sofiya anali mwini dziko, mlongo wa a Kayombo, ndipo nyumba imene ankakhala inali pamalo a banja la a Kayombo. Ana awo awiri anamwalira ali makanda, choncho m'nyumbamo munali anthu awiri ndi wayilesi, imene mayi Sofiya ankaitchula kuti mkazi mnzanga. Nkhondo yawo ya tsiku ndi tsiku inali pa thandala. Batire likayamba kufooka, Atate ankaliyanika padzuwa kuti lipezeko mphamvu, ndipo malo abwino a dzuwa anali pathandala pamene mayi Sofiya ankayanika chinangwa. Munkamva ali kuseri akufunsa ngati madzulo ano tidya batire. Atate ankangokankhira chinangwa pambali pang'onopang'ono. Koma nsalu yoyera yofundira wayilesi, ya mbalame zofiira m'mphepete, anaisoka ndi mayi Sofiya omwewo, ndipo ankaichapa kawirikawiri kuposa malaya a amuna awo.

Mwezi wathawu, atagona osadzukanso, makutu atagontha, ankandifunsabe madzulo ngati ndathira madzi pa chitsulo. Ndinkawauza kuti ndathira. Ankandiuza kuti ndiwasendezere wayilesi pafupi ndi mphasa, ankatsegula okha, n'kuika chikhatho pamwamba pake kuti amve kunjenjemera kwa mawu. Akaona milomo yathu ikumwetulira ankafunsa kuti moni wa ndani umenewo, ife n'kukuwa dzina m'khutu mwawo.

Ndifotokoze za Lachinayi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ana athu a ku migodi ankalembera ku nyumba ya wayilesi kupempha kuti apereke moni kwa makolo kumudzi, woulutsa n'kuwerenga mayina, kenaka kuika nyimbo imene mwanayo wasankha. Mnyamata aliyense wa kuno asanakwere ulendo ankadutsa kwa Atate, ndipo iwo ankamuloweza pamtima keyala ya ku Lusaka ngati katekisimu, mpaka ainene osaphonya. Ankati kalata imanyowa, mawu sanyowa. Lachinayi dzuwa likapendeka amayi tinkasiya mitondo n'kukakhala pansi pa mango uja. Dzina la kuno likatuluka, mayi wake ankagwidwa m'mapewa ndi anzake ngati wabereka kachiwiri.

Danieli ndi mwana wanga woyamba. Anapita ku migodi ya mkuwa atangokwatira Esita, mtsikana wa ku Lituhi, n'kumusiya m'manja mwanga ali ndi pakati posaoneka. Moni wake unkabwera mwa apo ndi apo. Ndiye dzinja lina kunafika munthu wochokera komweko, n'kunena kuti pansi panagumuka, ndipo gulu la Danieli ndilo linali m'katimo. Iye sanadikire kuona otulutsidwa, mantha anamuthamangitsa. Sitima inabwera, kalata panalibe. Inabweranso, panalibe. Lachinayi lililonse ndinkakhala kutsogolo penipeni, mayina n'kudutsa a ku Chinteche, a ku Fort Jameson, a ku Dedza, mpaka woulutsa kutsanzika. Atate ankafunditsa nsalu ija osandiyang'ana, n'kungoti sabata yamawa, NaPhiri.

Amalume ake a Esita anatsika kuchokera ku Lituhi. Anayankhula mwaulemu, sindingawanamizire. Anati mwana wawo sangakhale pakhomo osadziwika ngati ndi mkazi wa munthu kapena wamasiye. Kuno nyanja ikatenga munthu osabweza thupi, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga mu nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti olira alire amalize. Iwo anati mgodi ndi nyanja yomweyo. Mwambowo ukachitika, Esita amasulidwa, abwerera kwawo ndi mimba yake. Ine mumtima ndinkakana, ndinkagwada m'munda n'kumauza Ambuye kuti sindinamve kuduka kulikonse m'kati mwangamu. Koma mlendo mawu ake ndi aafupi. A Petulo anatopa, anavomera.

M'masiku omwewo mayi Sofiya anadwala chifuwa. Anawatengera ku chipatala cha ku Liuli pa bwato, anamwino anayesetsa, koma nthawi yawo inali itakwana. Tinawaika Lachitatu. Akuluakulu anati popeza anthu asonkhana kale, za Danieli zichitike Loweruka lomwelo, anthu asayende kawiri.

Pamudzi pakagwa maliro, ng'oma siilira, ndipo nyimbo ndi za m'buku zokha. Atate mwambo umenewu ankausunga kuposa eni ake. Amwalire ndani, ngakhale khanda la tsiku limodzi, wayilesi ankaitembenuzira kukhoma mpaka anthu atameta. Ndipo mwamuna woferedwa amakhala pa mphasa m'nyumba ya siwa, satuluka kupita kutali, sagwira ntchito. Choncho Lachinayi lija, ndili kuseri ndi amayi anzanga tikusenda chinangwa cha olira, ndinaona dzuwa likupendeka, ndinadziwa kuti nthawi ya moni yayandikira. Ndikanapempha bwanji? Munthu waika mkazi wake dzulo.

Ndinangomva nyimbo ya amayi m'nyumba yaduka pakati. Nditasuzumira ndinaona Atate atuluka pakhomo, opanda nsapato, maso otupa, atafukata wayilesi mu nsalu ya mbalame zofiira ngati mwana wopita naye ku ubatizo. Anaitana a Petulo kuti anyamule batire ndi waya. A Kayombo anaimirira pakati pa amuna.

"Alamu, mukupita nazo kuti zimenezo?"

"Kutsidya kwa mtsinje, alamu. Maliro saoloka madzi."

"Mlongo wanga wagona usiku umodzi wokha m'manda."

"Ndikudziwa, dothi loyamba ndinaponya ndine. Sofiya ndikudziwa kumene ali. Mwana wa NaPhiri sindikudziwa, ndipo Loweruka mukufuna kumukwirira."

Atate anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndiitane mpongozi wanga.

Tinaoloka kamtsinje, tinakwera mpaka kumunda kwathu kwa chinangwa, pakati pa miyala ikuluikulu ija, pamene pali mango wina wakale. A Petulo, munthu wa imvi kale, anakwera mumtengo ndi waya kukamwa. Atate anazika chikwanje pansi n'kumangirira waya winawo. Nthaka inali yonyowa ndi mvula, komabe anathira madzi amene anatunga m'chipewa pooloka. Ndinadikira pemphero lawo lalitali lija. Anangoti, Ambuye, mukudziwa. Basi.

Batire linali lofooka, poti masabata onse a matenda panalibe woliyanika, dzuwanso linali losowa. Mawu ankamveka ngati munthu akuyankhulira m'mtsuko. Tinaunjikana mitu inayi pamodzi. Woulutsa atapereka moni, Atate sanayankhe, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona osayankha. Dzina likatha, nyimbo ikamayamba, ankatsitsa mpaka kuzimiririka, posunga batire ndi posunga ulemu wa maliro, n'kukwezanso akaganiza kuti yatha. Mayina anadutsa. Esita anali atandigwira dzanja mpaka zala zinachita dzanzi. Ndinayamba kumva m'mawu a woulutsa kuti akuyandikira kotsanzika, ndipo ndinayamba kukonza mtima wanga za Loweruka.

Ndiye tinamva Mbamba Bay, Tanganyika. Moni kwa bambo Petulo ndi mayi NaPhiri, ndi kwa mkazi wake Esita, wochokera kwa Danieli, amene ali m'chipatala, mwendo unathyoka pa ngozi ya pansi koma akuchira, musade nkhawa. Ndiponso moni kwa Mzee Waya, akuti batire muzilisunga.

A Petulo anakhala pansi m'matope. Ine sindikumbuka chimene ndinanena, kaya ndinanena kanthu. Ndikukumbuka kuti nyimbo imene Danieli anasankhira mkazi wake inayamba, ya gitala, yovinitsa, ndipo Atate sanatsitse. Ndinaona masamba a chinangwa akuweramira kumunsi, ndinazindikira kuti mphepo ikutsika phiri kulunjika kumudzi.

"Atate, tsekani. Mphepo ikupita nayo ku siwa."

Dzanja lawo linali pa chotsegulira. Anayang'ana Esita, amene anali atagwada, chipumi chili pa nsalu ya mayi Sofiya, mapewa akugwedezeka.

"Nyimboyi watumiza ndi munthu wamoyo," anatero. "Ithe."

Inatha. Misozi inkatsika m'masaya mwawo osaipukuta. Batire linafa woulutsa asanamalize kutsanzika.

Kumudzi dzina la Danieli silinamveke. Mawu a woulutsa anali aang'ono, sakanafika. Chimene mphepo inafikitsa pabwalo la maliro ndi gitala yekha. Anthu a mayi Sofiya, atakhala pafupi ndi manda a dzulo, anamva nyimbo ya dansi ikutsika kuphiri kumene mwamuna wa malemu anapita. Titafotokoza, ambiri anakondwera nafe, amalume a Esita anapempha madzi akumwa n'kuyamba kukonzeka ulendo wobwerera okha. Koma a Kayombo anati mlamu wawo wavina pa manda a mlongo wawo, ndipo mawu amenewo atatuluka panalibe wowabweza.

Ansembe anayesa kuyanjanitsa. Atate sanadziteteze. Anavomera kuti anawalakwira eni maliro, anapita ndi nkhuku kukapepesa. Nkhuku inalandiridwa. Koma tsiku lometa anauzidwa kuti malo aja ndi a banja, ndipo ukwati umene unawakhazika pamenepo watha. Ine a Kayombo sindiwaweruza. Anali ndi chisoni chawo, ndipo chimene anamva ndi makutu awo anachimvadi. Atate anatuluka m'nyumba imene anamanga ndi manja awo atanyamula mphasa, bokosi la zovala ndi wayilesi. A Petulo sanandifunse n'komwe, anangoyamba kudula mitengo ya kanyumba kuseri kwathu, ine n'kuyamba kuponda dothi.

Thunthu la nthochi linali litadulidwa kale. Linawolera kuseri kwa khola la mbuzi. Kalata ya Danieli inafika mvula itatha, inki itayenderera, moti mawu owerengeka anali ochepa. Atate anaitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera, nkhope yawo ikundikumbutsa kuti kalata imanyowa. Danieli anabwera chaka chotsatira akutsimphina, anapeza mkazi wake pakhomo ndi mwana wamkazi kumsana. Mwanayo dzina lake ndi Sofiya.

Kamodzi kokha ndinawafunsa ngati amadandaula za nyumba ija. Anali akuyanika batire pathandala langa, akukankhira chinangwa changa pambali. Anati akanakhalapo mayi Sofiya, batire akanalisenza okha pamutu kukwera nalo phiri, akuwakalipira njira yonse. Kenaka anati nyimbo ija mwina akanaitsitsa. Mwina. Koma mtsikana uja anali atalira masabata ambiri, ndipo mwamuna wake anamutumizira kanthu kamodzi kokha.

A Kayombo anakhala zaka osatipatsa moni. Koma masiku ano, mmene nkhani za uhuru, ufulu wodzilamulira, zayamba kumveka m'Chiswahili kuchokera ku Dar es Salaam, aliyense akufuna kumva yekha ndi makutu ake. Tinayamba kuwaona akudutsa pamsewu nthawi ya nkhani, akuyenda pang'onopang'ono ngati aponda minga. Kenaka ankaima kuseri kwa mpanda. Atate, osatembenuka, ankangopotoza wayilesi kuti kukamwa kwake kuloze kumpanda. Zinatero mpaka tsiku lina ndinatulutsa mpando wachiwiri n'kuusiya pamenepo, ndipo unakhalidwa. Za tsiku la nyimbo lija sanakambiranepo, ine ndikumva. Ankangokangana za uhuru, wina ati ubwera ndi sitima, wina ati ubwera ndi lole. Lolemba, ponyamula bokosi, a Kayombo anakankha mnyamata wina n'kugwira ngodya yakumutu, ukalamba wonsewo, mpaka kumanda.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa atate kudziko la eni. Ine ndinalibe chowabwezera choposa madzi osamba ndi kondowole wofewa, mano atatha. Ambuye awabwezere okha.

Lero ndi Lachinayi. Wayilesi ili pakhonde la kanyumba kaja, yayang'ana kukhoma, yafunda nsalu ya mbalame zofiira zimene tsopano zayera ndi kuchapa. Sitinamete, ndipo ikhala choncho mpaka timete. Mpando wawo uli pomwe unali, miyendo yake inakumba timaenje m'dothi. Waya ukugwedezeka mumtengo. Dzuwa litapendeka amayi angapo anafika mwachizolowezi, anaima pang'ono, n'kubwerera. A Kayombo akhala pa mpando wachiwiri chipewa chili pabondo. Pa kachitsulo paja, pamene ankathira madzi, panamera kaudzu kamene kamakhala kobiriwira ngakhale m'chilimwe bwalo lonse litauma. Kayamba kufota kunsonga. Chikho chawo chili pambali pake, chovundikira.